Masitazi ya Mayi Herlinda

Kwathu kuno ku Huancayo, munthu wovala taye akakuuzani kuti anaphunzira pa yunivesite ya kuno, mufunseni kuti masamu a chaka choyamba anamuphunzitsa ndani. Akayamba waseka kaye, kenako n'kugwira kumutu, dziwani kuti ameneyo anadutsa m'manja mwa Mayi Herlinda Canchari. Anali mayi wamfupi, wovala majuzi awiri ngakhale dzuwa liswe mtengo, zala zong'aluka ndi choko. Anaima pa bolodi zaka zoposa makumi awiri, koma ntchito yokhazikika sanawalembe. Chaka chilichonse, mwezi wa Malichi, ankasaina kontirakiti yatsopano ngati munthu wobwera dzulo.

Amuna awo, a Leoncio, anali telala ku Chilca, wosoka masuti a maukwati ndi a oimba malipenga. Shuga anawadya pang'onopang'ono, kuyambira maso n'kudzamalizira impso. Katatu pa sabata ankakakhala pa mpando wa kuchipatala, makina n'kumawatsuka magazi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lifike pamutu. Telala alibe inshuwalansi. Mpando umenewo ankaukhalira pa dzina la akazi awo, chifukwa cha kontirakiti ya Malichi ija. Kontirakiti ikaduka, sipapita miyezi yambiri mpando nawo umaduka, ndipo munthu amakaima pa mzere wa osauka, mzere woti ena amatsikira kuli chete dzina lisanaitanidwe. Awiriwa nkhaniyi sankaikamba. A Leoncio ankangoti, "Ine ndimapumira choko cha aphunzitsi," n'kuseka okha.

Ndiye kunabwera lamulo lochokera ku Lima, likulu la dziko lathu, loti aliyense wophunzitsa pa yunivesite akhale ndi digiri ya masitazi. Tsiku lomaliza ankalisuntha, kulisunthanso, mpaka anthu anangolizolowera ngati chifuwa cha m'nyengo yozizira. A Herlinda sanatekeseke. Kalekale, mwana wawo Noemí ali ku sekondale, iwo anaphunzira masitazi ya zamaphunziro pa yunivesite yomweyo, Loweruka ndi Lamlungu, n'kukhoza mayeso onse. Chinatsala ndi tesisi, buku la kafukufuku lija munthu amalemba n'kukaliteteza pamaso pa akuluakulu atatu. Anali atangoliyamba pamene maso a amuna awo anayamba kuchita mdima, ndipo mapepala analowa m'katoni kunsi kwa bedi. Anthu otere kuno ndi ambiri. Timangoti "anamaliza maphunziro a masitazi," mawu okoma oti womva amaganiza kuti digiri ilipo, ndipo ukawanena zaka zambiri nawenso umayamba kuwakhulupirira.

Amene anawadzutsa kutulo ndi Wilder Huaroc, mkulu wa dipatimenti yawo, munthu woti anamuphunzitsa okha akadali kamnyamata kochokera kumudzi, kovala nsapato za mchimwene wake.

"Aphunzitsi, khalani pansi," anatero Wilder atatseka chitseko. "Ulendo uno sakusunthanso. Chaka chamawa chikatha, amene alibe pepala sasaina."

"Wilder mwana wanga, ine ndinamaliza. Loweruka ndi Lamlungu, mvula ndi dzuwa."

"Munamaliza makalasi, aphunzitsi. Digiri ndi tesisi. Popanda tesisi, kwa a ku Lima inuyo ndi ine wa chaka choyamba uja n'chimodzimodzi."

"Iwe wa chaka choyamba unkagawa nambala ndi ziro n'kupeza ansala."

"Zoona zimenezo," Wilder anaseka pang'ono, maso ali pa tebulo. "Koma lero wosaina ndine, ndipo manja anga ndi omangika."

A Herlinda anatuluka m'ofesimo. Zengerezu analinda kwawukwawu, akulu ananena. Koma ndani angamunene mayi woti m'mawa ali kuchipatala, masana pa bolodi, madzulo akuyeza mchere wa m'supu ya wodwala?

M'chipinda cha aphunzitsi anapezamo a Aníbal Ricse, ophunzitsa zowerengera chuma, bambo woti palibe nkhani imene sankaidziwa, kuyambira mtengo wa feteleza mpaka matenda a ng'ombe. Atamva vutolo, a Ricse anakankhira kapu ya khofi pambali n'kutambasula manja.

"Mlongo wanga, masitazi ili ngati mbatatesi za pa msika wa Lamlungu, mitundu ndi yambirimbiri, muyenera kudziwa yophika msanga. Pali ya kafukufuku, ya anthu ofuna kudzatchedwa dokotala. Imeneyo isiyeni, mudzamera imvi zachiwiri. Pali ya ntchito, ya mainjiniya ndi manesi ofuna kukwezedwa. Pali ya bizinesi, ya anyamata a ku banki, mtengo wake mutha kugula galimoto. Pali ya kaphunzitsidwe, iyi aliyense akuthawirayi, koma nayo kumapeto kwake kuli tesisi, njoka ili m'thumba."

"Ndiye zonse zili ndi njoka?"

"Kupatula ya ku Spain! Ya pa kompyuta. Chaka chimodzi basi, kumapeto kalembo kochepa, palibe akuluakulu atatu okuumitsirani nkhope. Satifiketi imabwera pa ndege, ya ku Ulaya, chidindo chake ngati mbale."

"Inuyo mwatenga imeneyo, a Ricse?"

"Ine ndikupuma ntchito chaka chamawa, ndivutikirenji? Koma mlamu wanga ali nayo, anaipachika m'ofesi, aliyense wolowa amavula chipewa."

A Herlinda sanafunse kuti mlamuyo amagwira ntchito kuti. Akanafunsa akanamva kuti ndi pa kampani yogulitsa simenti, kumene satifiketi ntchito yake ndi kukongoletsa khoma. Koma mawu oti Spain kuno amatigonetsa tulo. Chinthu chikachokera kumeneko timachilandira ndi manja awiri osachitembenuza, ndipo mayi amene sankalola wophunzira kudumpha sitepe imodzi pa samu anadumpha funso lomwe linali lofunika kuposa onse. Safunsa anadya phula.

Kamunda ka malemu mayi awo ka ku Sicaya anakagulitsa kuti apeze fizi, ndipo analembetsa. Ndinene pano, poti ena amanena zawo: a Herlinda sanaigule digiri imeneyo, anaiphunzira. Ankapita ndi kompyuta yakale ya Noemí kuchipatala, n'kumamvera aphunzitsi a ku Spain atakhala pa benchi, amuna awo ali pa makina. Ntchito iliyonse ankaipereka nthawi isanakwane. Anakhoza bwino kwambiri, ndipo mwezi wa Julaye satifiketi inafika, pepala lolimba lamtundu wa mkaka, chidindo chagolide, dzina lawo litalembedwa mopotokola ngati la mfumukazi.

Kuno digiri silowa m'nyumba mwakachetechete. A Herlinda ankafuna kuyamba akailembetsa ku boma, koma a Leoncio anakana kwamtuwagalu.

"Linda, ine za mawa sindizidziwa. Ndikufuna ndimve malipenga ndikadali ndi makutu. Boma lidikire."

Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, miyala inatenthedwa mpaka kuyera, ndipo nkhumba, nkhosa, mbira, mbatatesi ndi nyemba zosasenda zinakwiriridwa, chakudya chimene kuno timati pachamanca. Oimba malipenga anabwera gulu lonse osalipiritsa, atavala masuti osokedwa ndi a Leoncio. Achibale a ku Sicaya analowa pa geti akuvina pamzere, aliyense kireti ya mowa paphewa. Padrino, munthu wodzawaveka mendulo, anali Wilder yemwe. Powaveka anawerama n'kunong'ona.

"Aphunzitsi, munakailembetsa kale ku Lima?"

"Tidye kaye, mwana iwe. Pachamanca ikuzizira."

A Leoncio anavina tsiku limenelo, mkono wolowetsamo mapaipi a kuchipatala atausunga pachifuwa, akukuwa dzina laulemu la munthu wa masitazi kuti, "Magíster! Mkazi wa telala, Magíster!" Anthu anamwa mpaka kuiwala zipewa.

Atatumiza ku boma mapepala olembetsera digiriyo pa kompyuta, yankho linabwera loti sizinatheke. A Herlinda anati makina alakwitsa, munthu akaiona ndi maso satifiketiyo amvetsa. Anakwera basi ya ku Lima, satifiketi ili m'chikwama chapulasitiki pamiyendo, osaisiya ngakhale potsika kukamwa tiyi pamwamba pa phiri. Ku ofesi yolembetsa madigiri anapeza mtsikana waulemu, wamsinkhu wa Noemí. Mtsikanayo anaiyang'ana satifiketi, n'kuyang'ana mayiwo, ndipo anayamba kulankhula mofatsa ngati wopepesa maliro.

"Mayi, ku Spain masitazi zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi yovomerezedwa ndi boma lawo, imeneyo ndiye digiri. Ina ndi ya sukulu payokha, sukuluyo imangopereka m'dzina lake. Maphunziro ake atha kukhala abwino ndithu, koma ndi oonjezera luso. Yanuyi ndi yachiwiriyo, ndipo monga ilili sitingailembe ngati digiri."

"Koma palembedwa kuti masitazi. Werenga, mwana wanga. Apa."

"Zonse ziwiri zimalembedwa choncho, mayi."

"Ndinaphunzira chaka chathunthu. Ndinakhoza zonse. Ndikuonetse mamakisi?"

"Ndikukhulupirira, mayi. Si inu nokha, sabata ino mwabwera anthu angapo."

"Amuna anga ali pa makina otsuka magazi," anatero a Herlinda, mawu amene sanawanenepo kwa mlendo chibadwire. "Ndikachoka ntchito, achoka pa makina. Ukundimva? Palibe wamkulu amene ndingamuone? Ndigwada, ine si wonyada."

Mtsikanayo anadzuka n'kukawatungira madzi m'kapu. Chimenecho ndicho anatha kuwachitira. A Herlinda anatuluka panja, m'chifunga chonyowa cha ku Lima chija, anakhala pa khonde la sitolo ya eni ake n'kulira ngati mwana, magalimoto akudutsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankaganiza za kamunda ka mayi awo, za malipenga, za achibale ovina ndi makireti, ndipo manyazi ndi mantha zinawagwera nthawi imodzi. Kwa Noemí, amene ankakhala mumzinda womwewo ndi ana awiri m'chipinda chimodzi, sanapiteko.

Kunyumba anapeza a Leoncio akupapasa singano pa makina osokera.

"Zayenda, a Magíster?"

"Zayenda, mdala. Kungoti akuti nditetezenso tesisi yakale ija. Mwamwambo chabe."

"Ha! Awiri! Mukhala ndi madigiri awiri, ine ndi mkazi mmodzi. Ndikusokerani suti."

Ndi Wilder yekha amene a Herlinda anamuuza zoona. Iye anagwira kumutu nthawi yaitali, kenako anati khomo latsala limodzi. Yunivesite, poona kuti itaya aphunzitsi ambiri, inalola onse amene anamaliza makalasi kalekale kuti apereke tesisi mwezi wa Novembala n'kuteteza mu Disembala. Apa n'kuti Ogasiti akutha.

A Herlinda anayesa, Mulungu ndi mboni. Anakoka katoni ija kunsi kwa bedi, n'kupeza mapepala atamatana ndi chinyontho, nkhani zake zakalekale zoti palibe angazilandire. Anasankha mutu wina, wa mantha amene ana a sekondale amakhala nawo pa masamu, nkhani yoti ankaidziwa kuposa aliyense m'chigwa chino. Koma tesisi si zimene ukudziwa. Imafuna upite ku sukulu, ufunse ana mafunso, uwerengere mayankho awo. Ahedi a sukulu ina anati abwere mwezi wamawa. A sukulu ina anafuna kalata ya ku ofesi ya maphunziro, ndipo wosaina kalatayo anali ku msonkhano umene sunkatha. Kwina anapeza ana akukonzekera magule a tsiku lokumbukira kubadwa kwa sukulu, sabata yonse osalowa m'kalasi. Pakati pa zonsezo panali makalasi awo asanu, ndi a Leoncio amene mwezi wa Okutobala anatupa miyendo n'kugonekedwa. Mayiwo anaonda, majuzi awiri aja n'kumalendewera. Tsiku lina anaima pa bolodi, choko m'manja, osakumbukira kuti samu imene analembayo ikupita kuti, mpaka mtsikana wina anafunsa ngati ali bwino. Madzi anali atafika m'khosi.

Moyang'anana ndi geti ya yunivesite muli kamsewu ka masitolo a fotokope. Pa zitseko zina pamalembedwa kuti "Timalangiza za tesisi," ndipo mwana aliyense amadziwa ulangizi wake. A Herlinda anadutsa kamsewuko zaka zonsezo atakweza mphuno. Masana ena a Lachinayi anakazungulira kawiri, kachitatu n'kulowa pa chitseko chomalizira, mpango atakokera kumaso. Kuseri kwa makina a fotokope kunali mayi wonenepa bwino, zikhadabo zopaka zofiira, akudya chimanga chokazinga.

"Aphunzitsi a Canchari!" anakuwa mayiyo. "Simukundikumbuka? Marleni! Munandilepheretsa kawiri, mpaka ndinasiya sukulu."

A Herlinda anatembenuka kuti atuluke.

"Ayi, khalani, khalani. Ine ndilibe mangawa, onani ndili bwinobwino. Ndipo musachite manyazi, anzanu a m'chipinda chanu chija ambiri anakhalapo pa mpando womwewo. Mutu wanji?"

Anaunena mutuwo motsitsa mawu.

"Mantha a masamu! Mutu umenewo ndinu eni ake, aphunzitsi, mantha ake tinkawaona ndife." Marleni anaseka mpaka kutsamwa. "Mukufuna ana angati?"

"Ana?"

"Ofunsidwa mafunso. Timakonda kuika zana limodzi ndi makumi awiri, akuluakulu amaikonda nambala imeneyo."

"Ana ake a kuti?"

"A kulikonse kumene mungakonde. Tinene ku Chupaca? Palibe amawoloka mtsinje kukafufuza."

"Marleni, ine sindinachitepo zotere."

"Palibe anachitapo, aphunzitsi. Aliyense amabwera kamodzi."

Bukulo linatuluka pasanathe sabata ziwiri. A Herlinda analitsegula pa tebulo la kukhitchini, ndipo atafika pa manambala anagwira pakamwa. Anali manambala osalala ngati mazira. Ana onse amantha analephera mofanana, olimba mtima onse anakhoza mofanana, panalibe ndi mmodzi yemwe wosokoneza. Munthu amene wachongapo mayeso amadziwa kuti ana enieni sali choncho. Pamakhala wina wonjenjemera koma wokhoza, wina wodzitama koma mbuli, wina wosiya mafunso atatu osayankha chifukwa njala yamupweteka. Aliyense wodziwa masamu akanaligwira bodzalo pa tsamba loyamba.

Apa ndi pamene mayiwo anachita chinthu chimene chimawawawa mpaka lero. Anatenga pensulo n'kuyamba kuwadetsa manambalawo. Mwana uyu anamuchotsera, uyo anamuonjezera, awiri anawasiyira mipata, wina anamupatsa mantha aakulu ndi mamakisi apamwamba. Anawerengeranso zonse ndi dzanja, mosamala monga ankachitira ntchito iliyonse pamoyo wawo. Kugula kuja akanatha kunena kuti anakankhidwa ndi mavuto. Koma apa luso lawo lonse, la zaka zonse zija za choko, analigwiritsa ntchito yosoka bodza kuti lisaoneke msoko, ndipo ankadziwa chimene akuchita. M'chipinda china a Leoncio anali kusoka suti mopapasa, akuimba.

Tsiku loteteza linafika mu Disembala, mvula ikuwaza. Mwambo wake aliyense amaudziwa. Woteteza amayala nsalu pa tebulo la akuluakulu atatu, amaikapo madzi, maluwa ndi timbale ta zokhwasula, achibale amakhala kumbuyo atavala za ku tchalitchi. A Herlinda sanaitane munthu, koma a Leoncio anakhala kutsogolo penipeni, chipewa pa bondo, nkhope itatupa, akumwetulira kumene kunkachokera mawu a akazi awo. Suti inali yabuluu, dzanja limodzi lalitali pang'ono kuposa linzake. Wapampando anali Wilder. Analiza kabelu.

A Herlinda analankhula bwino. Munthu woti waima pa bolodi moyo wake wonse salephera kulankhula. Koma nthawi iliyonse akati "ana a ku Chupaca" ankayang'ana pansi. Atamaliza, wamkulu woyamba anafunsa za mabuku amene anawerenga, iwo anayankha. Wachiwiri, Dokotala Orihuela, mayi wa magalasi woopedwa ndi onse, anatsegula pa manambala paja n'kugogoda ndi chala.

"Ndinene chinthu chimodzi," anatero Dokotala Orihuela. "Mwezi uno ndawerenga matesisi ambiri, ndipo ena ndikawaona manambala ake ndimangopukusa mutu. Awa okha ndi amene akununkha ana enieni. Zikuoneka kuti munapondadi matope, aphunzitsi. Achinyamata atengere chitsanzo."

A Leoncio anaomba m'manja nthawi isanakwane, anthu n'kuseka.

Inatsala mbali ya Wilder. Iye ankadziwa ndandanda ya makalasi a mayiwo, ankadziwa masiku a kuchipatala, ndiponso ndi amene ankawapatsa chilolezo mwezi umene a Leoncio anagonekedwa. Kuti nthawi yowolokera mtsinje panalibe, sankafunika kuuzidwa. A Herlinda anamuyang'ana m'maso, ndipo mbali ina ya mtima wawo inkafuna kuti afunse, zithe. Wilder anatembenuza masamba pang'onopang'ono, n'kutseka bukulo.

"Ine ndilibe funso," anatero, osadzutsa mutu.

Kabelu kanalira, anthu anatuluka kuti akuluakulu akambirane, kanaliranso, anthu analowa n'kuimirira. Wilder anawerenga kuti onse atatu avomereza. Anawauza akweze dzanja alumbire pamaso pa Mulungu ndi dziko kuti adzagwira ntchito yawo moona, ndipo a Herlinda anakweza dzanja lalitali lija la suti n'kulumbira. Powapatsa moni, Wilder sanawatchule aphunzitsi monga ankachitira chiyambire. Anati, "Zabwino zonse, Magíster," n'kupita kukathandiza kuchotsa timbale.

Phwando lachiwiri a Herlinda anakana. Anati dzenje limodzi likwana pa chaka. Mwezi wa Malichi anasaina kontirakiti, ndipo mpando wa a Leoncio unakhalapobe.

M'mawa wina wa mwezi womwewo ali kuchipatala, nesi atalumikiza mapaipi n'kuchoka, a Leoncio anapapasa m'chikwama chawo ndi dzanja lomasuka n'kutulutsa buku lachikuto cholimba. Anali atalitenga pa shelefu osanena.

"Linda, tsiku lija sindinamve kanthu, mitu ya anthu ophunzira inu. Koma maola ndi ambiri pano. Tandiwerengereni. Osati manambala, za anawo."

"Ndi zotopetsa, mdala. Mugona."

"Ndikagona mundidzutse. Ndimafuna ndidziwe anthu amene anandisungira mpandowu. Munkapita liti kumeneko, osanditenga?"

"Muli m'chipatala muja."

"Ndinadziwa! Ine ndili gone, inu muli m'matope. Anali ana otani? Aulemu?"

"Aulemu kwambiri."

"Ndiuzeni mmodzi."

A Herlinda anayang'ana magazi a amuna awo akuyenda m'paipi, kulowa m'makina, kutuluka, kubwerera m'mkono. Anatsegula bukulo pa tsamba la manambala, chala chinagwera pa mwana uja anamupatsa mantha aakulu ndi mamakisi apamwamba.

"Panali kamtsikana kena," anayamba. "Dzina lake Flor. Kankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Kakaona samu kankatuluka thukuta m'manja, koma kankakhoza kuposa onse."

"Makolo ake amatani?"

"Amaweta nkhosa. Juzi yake inali yong'ambika pa zigongono."

"Ayi, ayi, zimenezo ayi," anatero a Leoncio, nkhope itagwa. "Mwana wanzeru choncho? Tamverani, Linda. Nsalu yotuwa ija yatsala kunyumba ikwana jekete. Manja angawa akadali ndi nzeru. Miyendo ikaphwa mundiperekeze ku Chupaca, ndikamuyeze ndekha, ndikamuthokoze. Mwamva?"

Misozi inali kugwera pa tsambalo, koma a Leoncio sakanaiona.

"Ndamva, mdala. Tidzapita."

"Chabwino. Ndiuzeni wina."

Makina anali ndi maola atatu oti ayendebe. A Herlinda anapukuta tsambalo ndi dzanja la juzi, anatsitsa chala pa nambala yotsatira, n'kuyamba kumufunira dzina.